Tebulo la m'Chigafa cha a Vitus

Amuna anzawo a ku Mavwere akagulitsa fodya ankagula ngolo, ena njinga, ena n'kukwatira mitala. A Vitus iwo anagula matabwa. Matabwa a mlombwa ataliatali, anawapalitsa mpaka see, n'kuwapaka penti yobiriwira, n'kukhoma tebulo loseweretserapo kampira kaja ka pingipongi. Analiimika m'chigafa cha fodya kuseri kwa nyumba, ndipo nkhuku ikangoyerekeza kukwerapo, basi tsiku limenelo ndiwo zapezeka. Masewerawa anawaphunzira ali mwana ku mishoni, imvi zinachita kuwapeza kathabwa komenyera kali m'manja.

Wosewera naye anali mmodzi yekha, a Laston, tenanti wa pa esiteti ya fodya tsidya la dambo. Kwawo kunali ku Phalombe, kampirako anakaphunzirira kumigodi ku Joni. Lamulungu lililonse Misa ikatha awiriwa ankavula majekete n'kuyambapo. Ndipo Lamulungu lililonse a Vitus ankakwapulidwa. Zaka ndi zaka, anthuni! Boma linasintha, matipate analowa, koma pa tebulo paja wolamula anali yemweyo. A Laston sankanyada ayi, ankangotola kampira n'kunena kuti, "Lero munatsala pang'ono, achimwene." Mawu amenewo ndiwo ankawawa kuposa chitonzo. A Vitus ankafuna chinthu chimodzi asanafe: kuwagonjetsa a Laston, kamodzi kokha.

Ndiye ku parishi kunalengezedwa m'bindikiro wa abambo, mlungu wathunthu, ku nyumba ina ya mapemphero kumapiri a kumalire ndi Zambia. Akazi awo, a Benedicta, anakawaperekera dzina osawafunsa.

"Pitani mukamveko za Mulungu," anatero. "Mwina kampirako kangatuluke m'mutumo."

A Vitus anakwera matola nkhope ili ndwii, kupanikizana ndi matumba a mtedza mpaka pa boma, kwinako n'kuyenda pansi, chitunda chokhachokha. Atafika, wansembe wotsogolera anapereka lamulo lakuti pano ndi chete. Kucheza ayi, wailesi ayi, alendo ayi pokhapokha nkhani itakula.

Mawa lake, nthawi yopuma masana, akuyendayenda ndi kolona m'manja, anamva kaphokoso kuseri kwa khitchini. Kho, kho, kho. Anaganiza kuti ndi satana akuwayesa, koma miyendo inali itanyamuka kale. Atasuzumira m'chipinda chosungiramo mipando anangoti kakasi. Tebulo lenileni, la kusitolo, ndi neti yake yomwe! Ndipo womenyetsa kampira kukhomayo anali Sisitere Luwiza, mayi wokalamba wopereka makiyi a zipinda, amene m'mawa womwewo anamuona akuyenda chokoka mwendo.

Sisitere anaika chala pamlomo n'kuwapatsa kathabwa. A Vitus anamwetulira nati mumtima, ndiwamenyere pang'onopang'ono amayiwa, angathyoke. Kalanga ine! Sisitere anaponya kampira m'mwamba n'kukacheka cham'mbali ngati akumweta udzu. Kampira kanabwera bwinobwino, katangogunda tebulo kanakhotera kwina, a Vitus n'kumenya mphepo. Anayesanso, chimodzimodzi. Kenako anatsala pang'ono kukagwera pa mipando. Munthu wamkulu thukuta lili kamukamu, kukamwa yasa, Sisitere osatekeseka n'komwe.

Popeza kulankhula kunali koletsedwa, Sisitere anangowagwira dzanja n'kulipinda pamfundo, kuwaonetsa mopendekera mwake kathabwako. Kuyambira tsiku limenelo masana aliwonse a Vitus ankazembera kuseri kwa khitchini. Ulaliki wa m'mawa unkalowera khutu ili n'kutulukira linalo. Abambo anzawo akatsinzina kusinkhasinkha za moyo wosatha, iwo ankaona nkhope ya a Laston ikudabwa kampira kakuwathawa.

Pakati pa mlungu, kampira katangoyamba kumvera dzanja lawo, mlonda wa pachipata analowa monyang'ama n'kuwanong'oneza.

"Pepani bambo. Pachipata pali alamu anu, a Greyson, abwera pa njinga. Akuti mutuluke, nkhani ndi ya a Laston ndi tebulo."

A Vitus anapsa mtima. Inali nyengo yosankha fodya, ndipo matenanti ankasowa posankhira. Ndadziwa ine, anatero mumtima, ndangochoka pang'ono akufuna ayale fodya wawo pa tebulo langa.

"Kawauzeni ndili pa mapemphero, sindingatuluke," ananong'oneza nawonso. "Ndipo tebulo langalo asaligwire munthu."

Mlonda anapita, iwo n'kutola kampira.

Loweruka m'bindikiro unatha. A Vitus anatsika phiri ngati mnyamata, pa boma n'kugula timipira tatsopano kwa amalonda a ku Chipata. M'matola dzanja linkangodzipinda lokha, mpaka mayi wina anawasunthira poganiza kuti mutu sukuyenda bwino. Atafika pakhomo sanapereke n'moni womwe, anangolunjika kuchigafa.

Tebulo panalibe. Panali miyendo yake yokha itagonekedwa pakona, utuchi mbwee pansi, ndi tizidutswa ta matabwa obiriwira.

"Amake Dyna!" anakuwa. "Amake Dyna! Wachita izi ndani?"

A Benedicta anatuluka m'nyumba pang'onopang'ono, anafika n'kukhala pansi pakhomo pa chigafa.

"Khalani pansi, bambo."

"Sindikhala! Ndinanena kuti asaligwire munthu. Kubwereka n'kubwereka, mpaka kulicheka? Kandiitanireni a Laston, lero ndiwauza za kukhosi."

"A Laston tinaika dzana."

A Vitus anawayang'ana akazi awo ngati alankhula chilankhulo cha kwina. Timipira tija tinagwa m'manja n'kumadumpha mu utuchi.

"Mwati chiyani?"

A Benedicta anafotokoza. Ngolo yodzaza mabelo inagubuduzika potsikira kudambo n'kuwapsinja a Laston, sanafike n'kuchipatala komwe. Abale awo ali kutali ku Phalombe, ndipo thupi silikanadikira. Bwana wa esiteti anali ku okushoni ku Lilongwe, kapitawo wake anati matabwa alibe. M'midzi namo munalibe, poti zaka zimenezo maliro anali lero uku mawa uko, ena anazula kale zitseko za nyumba zawo kukhomera abale mabokosi. Panangotsala kuti munthu akulungidwe mu mphasa. Ndiye anthu anakumbukira matabwa a tebulo lija, n'kutuma a Greyson kukapempha.

"Nanga a Greyson osanena bwanji kuti ndi maliro?" anafunsa a Vitus.

"Uthenga wa maliro amatulira mlonda pachipata? Umafuna mwini wake, maso ndi maso. Anthu anadikira, inu simunatuluke."

"Ndiye mawu anga aja..."

"Anafika. A Greyson anandiitanira kumbali n'kundiuza ndekha, manyazi atawagwira. Ine ndinabwerera pagulu n'kunena kuti abambo avomera. Mukafuna kundikalipira kalipani, koma mukalipire konkuno. Tiyeni mukapepese maliro."

Anayenda njira yakudambo a Benedicta patsogolo, a Vitus pambuyo. Ankafuna kulira koma misozi sinkabwera. Chinawagwira chinali mantha, mantha a munthu amene wadziona yekha mmene alili.

Pa nyumba ya udzu ya a Laston anthu anali akadali pamphasa. Mayi wamasiye, a Esitele, atangowaona a Vitus anadzuka, n'kuyenda chokwawa ndi maondo mpaka kudzawagwira mapazi.

"Bambo, bambo anga!" analira a Esitele. "Anthu andiuza zonse. Akuti mutangomva simunachedwe n'komwe, munangoti tengani, ameneyo ndi m'bale wanga. Ife obwera, tinali ndani kuno? Tebulo lija mumaletsa ndi ana anu omwe kulitsamira! Mwamuveka mnzanu, bambo, Mulungu akuonjezereni."

Amuna okhala pansi pa mtengo anayamba kuomba m'manja pang'onopang'ono, amayi n'kulandiza. Mkulu wina wa matenanti anapukusa mutu nati, "Mapemphero aja sanapite pachabe." A Vitus anacheukira akazi awo kuti mwina awathandiza, koma a Benedicta maso anali pansi. Anatsegula pakamwa kuti anene zoona, lilime linakana. Nanga akanauza ndani, mayi wogwira mapaziyo? Chimene chinatuluka chinali funso lopepera, poti malemuwo anali munthu wamtali.

"Kodi... anakwanamo?"

"Anakwanamo bwinobwino, bambo, osapinda n'mwendo womwe," anayankha a Esitele akupukuta misozi. "Bokosi lokongola chotero pa esiteti pano sitinalionepo."

A Vitus anangoti khwithi pafumbi pomwepo, manja kumutu, n'kulira mokweza ngati mwana. Ndipo anthu ankangouzana kuti taonani chikondi.