Maliro Amene Bertha Anatsegula

Bertha anathawa mwamuna wake Lastone ku Chipata ali ndi dzino lothyoka ndi mwana kumsana. Anabisala kwa azakhali ake ku Kafue Estates, nasintha nambala ya foni, naipatsa msuweni wake Idah yekha. Mantha ake onse anali akuti Lastone angadziwe kumene ali.

Koma inu, ndani angakane uthenga wa maliro? Tsiku lina masana Idah anamutumizira linki, akuti amalume a ku Katete atisiya, dongosolo lonse lili mmenemo. Bertha anadina misozi ili m'maso. Tsamba linatseguka loyera mbee, lopanda ngakhale dzina la malemu.

Kuyambira pamenepo foni inkatentha ngati mbaula, kadontho kobiriwira kakuyaka pafupi ndi kamera popanda woikhudza. M'mawa mwake anasiya mwana wake Joy akusewera pakhonde, azakhali ali kudimba, nathamangira kumsika kwa Evaristo wokonza mafoni.

"Sininadawunilode chilichonse, ba Evaristo," anatero Bertha. "Ninangotsegula chabe."

Evaristo anaisanthula foniyo, nkhope yake ikugwa pang'onopang'ono.

"Amayi, burawuza, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, ili monga khola. Tsamba lililonse limatsekeredwa mkati kuti lisakhudze zina za mufoni. Manje yanu simunaichite apudeti kuyambira kale, khola lili na chiboo. Tsamba lija linatulukira pamenepo. Kamera, mawu, malo amene muli, zonse munthu wina aziona."

Bertha anabwereka foni ya Evaristo naimbira Idah.

"Iwe, linki ija unaitenga kwa ndani?"

"Kwa alamu anga, a Lastone," anayankha Idah. "Anati ndikutumizire msanga, maliro sabisirana. Koma zodabwitsa, amalumewo ndalankhula nawo lero, ali bwinobwino akukolola chimanga."

Mayo ine! Lastone analemba ganyu akuba a pa intaneti, napha amalume amoyo kuti apeze mkazi wake.

Foni ya Bertha inalira pathebulo. Evaristo anati asaigwire, koma uthengawo unaonekera wokha pagalasi. Chinali chithunzi cha geti lobiriwira la azakhali, lotsegula, ndi mawu ochepa pansi pake.

"Joy wakula, eti? Wandizindikira. Bwera, tikukudikira."

Bertha anathamanga osaona minibasi kapena njinga, patapata mmodzi atatsalira pakhomo pa Evaristo.