Chipewa cha Bambo Dou

Ulusi unawathera Mayi Lanfen atafika pachipewa. Nkhope ya amuna awo, Bambo Dou, anali ataipeta kale yonse, mpaka kanjerewere ka pachibwano. Chithunzicho ankafuna kuchionetsa pa phwando la bambowo lokwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi, kuti abale a kuchimuna, omwe ankawanena kuti ndi mkazi wouma mtima, aone ndi maso awo kuti mwamuna wawo amamukonda.

Tsoka ilo, ulusi wa ku Falansa umene anayambira unasowa mu mzinda wonse wa Baoding. M'sitolo ya Mayi Peng munali wa kampani ina, wa manambala akeake a mitundu.

"Musadandaule, achemwali," anatero Mayi Peng uku akudinadina foni. "Pali tsamba la pa intaneti losintha manambala. Mwati chipewacho n'chotuwa? Nawu ulusi wake kuno. Onani, lalemba kuti n'zofanana ndendende."

Mayi Lanfen anauyang'anitsitsa pawindo. "Komatu ukuoneka wobiriwira."

"Pakati pa maso anuwo ndi foniyi, anapita kusukulu ndani?"

Funso limeneli lagonjetsa anthu ambiri masiku ano, ena anzeru ndithu. Amayi anzawo opeta nawo pabwalo anauona ulusiwo, kenako anaona foni, onse n'kuvomereza kuti ndi wotuwa, kuwala kwa dzuwa ndiko kumanamiza. Basi mayiwo anapeta. Chipewa chikamabiriwira ngati mpiru wothirira, iwo ankayang'ananso nambala, mtima n'kukhala m'malo.

Pa tsikulo, anthu atadya bakha ndi nsomba, mwana wawo Jun anavundukula chithunzi.  Kenako mng'ono wawo wa Bambo Dou anatsamwa mowa ndi kuseka. M'dziko limenelo ndani sadziwa kuti mwamuna wa chipewa chobiriwira ndi amene mkazi wake amazemberana ndi wina?

"Alamu, nkhani zoterezi mumalengeza pa phwando?" anakuwa iye. "Mpaka kuika m'felemu!"

"N'chotuwa ichi!" anatero Mayi Lanfen, nkhope itagwa ndi manyazi. Anazungulira matebulo onse akuonetsa foni. Ena anawerenga, n'kuyang'ana chithunzi, n'kuwerenganso, mpaka azakhali ena anavula magalasi n'kunena kuti mawa apita kukayezetsa maso. Bambo Dou okha sanaseke, ndipo foniyo sanaiyang'ane.

Pobwerera kunyumba masanawo bambowo ananyamula okha chithunzicho, nkhope yake ataitembenuzira pachifuwa. Anayenda mpaka pokwerera basi.

"Bambo a Jun, ndikaphwasula chipewacho lero lomwe," anatero Mayi Lanfen. "Ndi makinawa anandisokoneza."

"Zisiyeni, mayi a Jun. Mwachita bwino kuulula." Mawu awo anali ofatsa, ngati munthu amene watula katundu wolemera. "Ndi Meng uja ankakonza njinga pakona, eti?"

 Mayi Lanfen ankamukumbukira movutikira Meng, kamunthu kochoka mano kamene sanalankhule nako kupitirira moni. Mtima unawapweteka kwambiri, kuposa mmene unachitira pa phwando paja.

"Mukunena chiyani, bambo?"

"Ndinazidziwa zimenezi m'chaka chomwe Jun anabadwa," anatero Bambo Dou, maso ali kumsewu. "Ndinangokhala chete kuti mwana akule."