Thabwa Lolira Pakhomo la Ameya

Amuna anga sakhala pampando asanaugwedeze. Kuchipatala, kutchalitchi, ngakhale kwa apongozi, amayamba aukankha uku ndi uku, khutu lili tcheru. Ukalira amachita tsinya ngati wawatukwana. Ndi kalipentala, ndipo chimene amanyadira n'chakuti thabwa limene iwo akhoma sililiranso.

Akhonsolo atasamukira ku maofesi atsopano, holo yakale inatsala ya nkhunda ndi chiswe. Ena ankati igwetsedwe, pamangidwe mashopu. Anthu anakana, chifukwa mmenemo ndi mmene makolo athu ankadulira ziphaso, kulembetsa maukwati ndi kukangana za mipope ya madzi. Anagwirizana zoti ikonzedwe, ikhale yosungiramo mbiri ya tawuni. Ntchito ya matabwa anapatsa amuna anga, n'kuwauza kuti chilichonse cholimba chisachotsedwe.

Anasintha mafelemu ofumbwa, analimbitsa masitepe, anapala zitseko mpaka mtundu wake wakale unaoneka. Pakhomo la ofesi ya ameya panali thabwa lolimba bwinobwino, koma ukaliponda linkati kwii. Iwo analowetsa kamtengo kunsi, n'kukhoma misomali. Thabwa linati zii.

Tsiku lotsegulira ndinapita nawo. Tili mkati moona zithunzi za ameya akale, analowa akalaliki, bambo wokalamba amene anapumira ntchito ya ulembi momwemo. Atafika pakhomo paja anaponda, anabwerera, anapondanso. Kenako anagogoda ndi ndodo.

"Amisiri, mwalitani thabwali?"

"Ndalichiritsa, akalaliki," anayankha amuna anga akumwetulira.

"Mwalipha. Ilitu ndi limene linkatidzutsa. Ameya akamatuluka, ilo kwii, ife tonse maso gwa, zolembera m'manja."

Mayi wina wosoka zovala analowererapo. "Ine tsiku lolembetsa ukwati ndinaliponda, ilo n'kulira. Malemu amuna anga anati, wamva? Ngakhale thabwa likundichenjeza."

Anthu anaseka, koma aliyense ankapita kukapondapo n'kubwerako nkhope itagwa. Zithunzi zinasowa woziyang'ana. Pomaliza apampando a komiti yokonzetsa holoyo anatengera amuna anga pambali, ine ndikumva.

"Ntchito mwagwira yokongola. Koma thabwalo mulibwezere mawu ake. Mukakana tiuza wina."

"Ndikonze chinthu kuti chiwonongeke? Nanga dzina langa?"

Kunyumba chakudya anangochitosatosa. Ine sindinyengerera munthu wamkulu, choncho ndinawasiya mpaka mmawa. Ndikuwapatsa tiyi ndinati, "Bambo a mwana, mabedi a theka la tawuni ino munakhoma ndinu. Palibe lolira, ndipo eni ake akukuthokozani mwakachetechete. Thabwa limodzi likulandeni dzina?"

Anafuna kuseka koma anadzigwira.

"Iwe sukudziwa. Mawa mlendo aponda, amva kwii, afunsa kuti wagwira ntchito muno ndani."

"Amuuza kuti ndi amene anauzidwa kusunga, n'kusunga. Kapena mukufuna atume kalipentala uja wa kuseri kwa msika, amene amakhoma chitseko ngati akupha njoka?"

Anaika kapu pansi. "Ameneyo aling'amba. Thabwa lija ndi lakale kuposa bambo ake."

"Ndiye?"

"Ndiye ukuganiza kuti n'kungozula msomali? Ukamasula kwambiri limagogoda, ukamasula pang'ono limangonong'ona. Likalira mawu ena, akalaliki anena kuti ndabweretsa mlendo."

"Basi, zisiyeni. Mwina n'zovuta kwa inu."

Amadziwa ndikamawatchera msampha, koma pa zaka zonsezi sanaphunzire kuulambalala. Anamaliza tiyi wawo mosafulumira, n'kupita kukachipinda ka zida. Ndinamva akusankha. Anatuluka ndi chikwama chawo chachikopa, n'kuikamo chozulira misomali, tchizulo chaching'ono ndi hamala yopepuka ija imene sabwereka munthu.

"Udutsire kwa akalaliki," anatero akumanga lamba wa chikwama. "Uwauze abwere ndi makutu awo onse awiri. Sindichokako mpaka atavomera kuti liwu lake ndi lomwe lija."