Munda wa barele wa a Indalecio

Kwathu ku Almería mvula imabwera ngati mlendo wosochera. Bambo anga, a Indalecio, anakulira pa phala la barele ndi nkhuyu zouma, mwina mbatata Mulungu akakumbuka. Kenaka anthu anakumba zitsime zakuya, anayala mchenga pamwamba pa manyowa n'kuphimba minda ndi pulasitiki. Lero kuchokera kuphiri mpaka kunyanja kuli mbee, ndipo tomato wathu amadyedwa ndi anthu a kumaiko ozizira omwe sadziwa n'komwe kuti tilipo.

Munda umodzi wokha ndiwo unatsala pamtetete, wa bambo. Ankadzalamo barele n'kumadikira kumwamba. Mlongo wanga Eulogio, mwini minda ya tomato yotizungulira, anayesa kuwakokera paipi ya madzi.

"Barele wanga si khanda loyamwa m'botolo," anatero bambo.

Chaka chimenecho barele anafika m'mawondo n'kuyamba kufiira. Bambo anavala jekete, anapita ku bala ya a Fulgencio kukapempha amuna oti anyamule chifanizo cha Isidoro Woyera kuzungulira nacho minda, monga tinkachitira kale popempha mvula. Kale amuna ankachita kukanganirana mtengo wonyamulira. Tsopano aliyense anali ndi phewa lopweteka.

"Achimwene, mukufuna kutipha?" anatero a Fulgencio. "Chinyontho chikangolowa m'pulasitiki, tomato yense awola. Inu mulira matumba angati? Barele woti abulu omwe anasiya kudya."

"Iwe unakula ndi barele yemweyo. N'chifukwa chake mutu uli choncho."

Wansembe anati iye sangakane pemphero la munthu, koma woyerayo alibe miyendo. Eulogio ndiye anawanyengerera anzake atatu kuti anyamule naye chifanizocho, chifukwa anthu anali atayamba kunena kuti mwana akuchititsa manyazi bambo ake. Ine ndinasangalala, sindinama. Ndinkaganiza kuti mlongo wangayo wamera mtima.

Lamulungu tinatuluka. Woyera anadutsa m'tinjira ta pakati pa mapulasitiki, mutu ukugunda nthambo. Khamu linali lalikulu ndithu, aliyense akupemphera chapansipansi, maso ali kumwamba ngati akuyang'anira wakuba. Bambo ankayenda pambali pa Eulogio, chipewa chili m'manja. Anthu amati bambo ndi ogontha, koma ugonthi wao umasankha.

Titafika m'mphepete mwa barele, kamtambo kanaoneka cha kuphiri. Ine ndinali pambuyo penipeni, ndipo ndinamumva Eulogio akunong'oneza chifanizo chili paphewa pake.

"Musawamvere, akalamba. Kabwezeni kamtamboko. Mwezi uno wokha."

Bambo anaima. Anavala chipewa chao pamaso pa woyera, chinthu chomwe sindinawaonepo akuchita.

"Kamuikeni m'tchalitchi," anatero. "Watopa."

Mvula siinagwe. Sindikunena kuti woyera anasankha mbali, koma ngati amawerenga mitu, bambo anali okha. Mtima unandiwawa sabata yonse, ndipo Eulogio sindinamulankhule.

Barele atauma, bambo anatsegulira mbuzi za mnansi kuti zidye. Anakhala pamwala kuziyang'ana mpaka zinamaliza. Eulogio anabwera n'kuima chapatali, manja m'thumba.

"Mawa ubwere ndi anthu ako a pulasitiki," anatero bambo.

"Mwaganiza bwino, bambo. Simudzadandaula."

"Sindinaganize ine. Ndinangomva."