Mapatani Aulere

Laputopu ya pashopu inkakhala pa shelefu pamwamba pa makina osokera, pakati pa chitini cha mabatani ndi ayironi. Ankaigwira anthu awiri okha. Woyamba anali mwini shopu, telala, poika zithunzi za madiresi pa tsamba la bizinesi. Wachiwiri anali mwana wawo wamkazi, amene msewu wonse unkamutcha Nesi chimangireni bandeji nkhuku ya aneba ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi.

Chaka chimenecho dzinalo linatsala pang'ono kukhala lenileni. Nesi anali atalemba mayeso olowera ku koleji ya unamwino, ulendo wachiwiri, ndipo akukoleji anati yankho libwera pa imelo sabata yomweyo. Wosankhidwa avomere malo isanakwane folo koloko Lachisanu. Akachedwa, malo apita kwa wina.

Lachiwiri imelo inakana kutseguka.

"Amayi, ikuti pasiwedi ndi yolakwika."

"Ndiye walakwitsa. Zala zakozo n'zaphuma," anatero amake Nesi, mapini ali kukamwa.

Nesi anapempha nambala yachinsinsi, inabwera pa foni yake, naika pasiwedi yatsopano. Laputopu inafunsa ngati iisunge, iye anavomera monga mwa masiku onse. Imelo inatseguka, kalata ya kukoleji kulibe. Lachitatu m'mawa, yakananso. Anasinthanso, pa laputopu yomweyo. Lachinayi, yakananso, ndipo ulendo uno inamuuza kuti wayesa kambiri, adikire mawa.

Tsiku lomwelo analowa mkazi wa ogulitsa nyama, foni ili m'manja.

"Amake Nesi, zochulukitsa ndalamazi mwayamba liti? Tsamba lanu landitumizira uthenga kuti ndilowe nawo. Ine ndimati mumangochulukitsa masiku osokera diresi langa."

Amake Nesi anaseka nawo pang'ono mwaulemu, nawaperekeza mpaka pakhomo. Atatseka chitseko ndiye anamasuka.

"Ndinanena ine! Mafilimu akowo! Tsiku lonse kudawuniloda, kudawuniloda, lero watiitanira mbava m'nyumba!"

"Amayi, ine sindinaikemo kanthu."

"Ndiye waikamo ndani? Ayironi? Zaka ziwiri ndakhala ndikupinda msana pamakinapa kuti iwe ukaphunzire, iwe n'kutaya malo chifukwa cha anthu opsompsonana pa sikirini. Bwera nayo foniyo."

Nesi anapereka foni. Chakudya chamadzulo anangochiyang'ana.

Lachisanu m'mawa amake Nesi anakulunga laputopu m'nsalu yotsala pa makatani, naiponya m'chikwama pamodzi ndi foni yolandidwa ija. Nesi anatsala akupinda m'munsi mwa masiketi a sukulu. Amake anayenda misewu itatu kupita kwa a Mawaya, bambo wa imvi amene kale ankakonza mawailesi, ndipo mawailesi atatha anaphunzira makompyuta. M'shopu mwawo munkanunkha mtovu wowotcherera ndi fumbi.

"Yadwala chiyani?" anafunsa a Mawaya.

"Siikudwala, ndiye vuto lake. Ikuyaka, ikulemba, zithunzi zonse zilimo. Koma imelo ya mwana ikumatsekeka tsiku lililonse, ndipo lero folo koloko ikakwana basi, sukulu yapita."

A Mawaya anayamba n'kuzimitsa intaneti pa laputopupo, kenaka anatsitsa magalasi pamphuno. Anafufuza nthawi yaitali, akung'ung'udza kanyimbo. Amake Nesi anakhala pa mpando wa miyendo itatu, maso ali pa wotchi ya pakhoma.

"Mayi, muli mlendo umu," anatero pomaliza. "Timati torojani. Ndi kapulogalamu kobwera katavala zovala za chinthu china chabwino, ndipo mumakatsegulira chitseko nokha. Aka n'kakuba mapasiwedi."

"Nanga bwanji sikanabe zithunzi? Palibe chasowa."

"Wakuba wanzeru satenga kiyi wanu. Amamudinda pa sopo, n'kumubwezera pa msomali. Inu mukuona kiyi ali pomwepo, mtima uli m'malo, pamene iye akukasulitsa wake. Mapasiwedi onse amene laputopu inakusungirani, kanakopera n'kutumiza kwa eni ake. Ngakhale malo amene munalowa osatulukamo, iwo amangolowa osafunsidwa kanthu."

"Koma mwana anasintha pasiwedi kawiri."

"Anasinthira pati?"

Amake Nesi analoza laputopu ndi chibwano.

"Eya. Munasintha loko, wakuba ali pansi pa bedi akuonerera."

"Mafilimu a mwana amenewo. Ndinamuuza mpaka kukamwa kuuma."

A Mawaya anakanda m'mutu ndi sikuludiraiva. Kenaka anatembenuza sikirini pang'ono.

"Chinthu chilichonse cholowa umu chimalembedwa tsiku ndi nthawi. Aka kanalowa Lolemba, teni koloko itangodutsa. Mwana anali kuti?"

"Lolemba anali ku chipatala, kukayezetsa za fomu ya kukoleji. Anabwera madzulo."

Atangomaliza kunena, anaona dzina la chinthucho pa sikirini. Mapatani zikwi zisanu, aulere.

Anakumbukira zonse. Lolemba lija kunabwera kasitomala wa ukwati ndi chithunzi cha diresi la manja otukumuka amene iwo anali asanadulepo. Anachita manyazi kunena kuti sadziwa. Kasitomala atapita anasaka pa intaneti, napeza tsamba lolonjeza mapatani zikwi zisanu osalipira kanthu. Anadina. Laputopu inawachenjeza ndi mawu ofiira, iwo anadina kuti ipitirize, poti makina amakonda kudandaula. Kawindo kakuda kanangophethira kamodzi n'kuzimirira. Patani ngakhale imodzi sinaoneke. Anatukwana, nabwerera ku makina osokera, n'kuiwala.

"Musadzione opusa," anatero a Mawaya motsitsa mawu. "Sabata yatha ndinali ndi mphunzitsi wamkulu pampando womwewo. Misampha imeneyi amatchera anthu ofuna kugwira ntchito. Kwa mwana ine ndingonena kuti ndi vayirasi, basi. Vayirasi ilibe mwini."

Amake Nesi sanavomere, sanakanenso. Kunena zoona, mawuwo anawakomera.

"Tiyeni titsegule imeloyo kaye," anatero.

A Mawaya anakhala pa kompyuta yawo, yopanda mlendo, napempha kusintha pasiwedi. "Nambala ya foni akubawo sanaichotse, mwayi wanu ndi umenewo. Uthenga wapita pa foni ya mwana."

M'chikwama munanjenjemera. Amake Nesi anatulutsa foni ija, koma inali yokhoma, ndipo uthenga sunkawerengeka popanda kuitsegula. Anayesa chaka chimene Nesi anabadwa, yakana. Anayesa chawo, yakana.

"Lekani, muitsekeratu," anatero a Mawaya. "Komanso ifunsa zinthu zoti mwini wake yekha ndiye angayankhe. Kamutengeni. Ndipo tisangoyesayesa, ingatiuzenso kuti tidikire mawa."

Wotchi inkati thwelofu yadutsa. Amake Nesi anabwerera misewu itatu ija dzuwa lili paliwombo, mawondo akudandaula.

Anapeza Nesi ali pomwe anamusiya, masiketi khumi ndi awiri atapindidwa bwinobwino pa tebulo.

"Vala nsapato. Akukufuna kwa a Mawaya."

"Zisiyeni, amayi."

"Wati chiyani?"

"Zisiyeni. Mwina sananditenge n'komwe." Sanadzutse mutu. "Ndakhala ndikuganiza usiku wonse. Mwezi watha ndinaoneradi filimu imodzi pa laputopupo. Ndiye kuti ndi ine. Munthu wolephera kusamala imelo angasamale wodwala? Ndizingosoka nanu."

Amake Nesi anaima pakhomo, thukuta likutsika m'khosi. Mwanayu ankamudziwa. Kumukalipira akanapita, inde, koma akanapita atanyamula mlandu wosakhala wake, ndipo akanakalowa nawo m'kalasi. Anakoka sitolo ya makasitomala, nakhala.

"Ndine."

Nesi anadzutsa mutu.

"Ndine ndinaika chinthucho. Lolemba, iwe uli ku chipatala. Ndinkafuna mapatani aulere a manja a diresi la ukwati lija. Laputopu inandiletsa, ine ndinakakamira. A Mawaya andionetsa tsiku ndi nthawi, palibe chokana." Anatulutsa foni m'chikwama, naiika pamwamba pa masiketi. "Filimu yako ilibe mlandu. Ndinakulalatira pachabe, mwanawe. Pepa."

Mawu omalizawo anatuluka movuta, ngati ulusi wokhuthala pa singano yaing'ono. Nesi anawayang'ana, osadziwika ngati alira kapena aseka.

"Mapatani angati?"

"Zikwi zisanu."

"Amayi! Mukanasoka liti madiresi zikwi zisanu?"

"Vala nsapato, usandiyese mnzako."

Kwa a Mawaya anafika thu koloko ili pafupi. Anapemphanso nambala, Nesi anatsegula foni, nawerenga mokweza. Imelo inafunsa mwezi umene anaitsegula koyamba, iye anakumbukira. Anaika pasiwedi yatsopano, yaitali, imene amake sanaloledwe kuona.

"Tsopano tulutsa aliyense amene ali mkati," anatero a Mawaya, akuloza ndi sikuludiraiva. "Ukuona apa? Makompyuta atatu amene suwadziwa. Dina apo. Eya. Kenaka yatsa ichi, kuti aliyense wofuna kulowa azifunsidwanso nambala ya pa foni yako. Kiyi wa pa sopo yekha asakwanirenso."

Imelo inatseguka. Munali mauthenga mazanamazana achabechabe, otsatsa nsapato, mankhwala ochepetsa thupi, maulendo a pandege.

"Amachita dala," anatero a Mawaya. "Amathira zinyalala kuti usaone machenjezo. Usawerenge zonsezo, saka dzina la koleji."

Nesi analemba. Palibe. Amake Nesi anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Yang'ana kotaya zinyalala," anatero a Mawaya.

Inali komweko, pakati pa zina makumi angapo zimene akubawo anafufuta mwachisawawa. Inabwera Lachitatu. Nesi anawerenga mzere woyamba, n'kugwira pakamwa.

"Werenga mokweza, ine ndilibe magalasi!"

"Anditenga, amayi."

"Ndiye ukudikira chiyani? Dina povomerapo! Kulira ukalira kunyumba!"

Anadina. Tsamba linazungulira, kuzungulira, amake Nesi akulitukwana chamumtima, mpaka linalemba kuti malo asungidwa. Wotchi ya pakhoma inkati hafu pasiti thu. Apo m'pamene amake Nesi anazindikira kuti tepi yopimira inali ikadali m'khosi mwawo chichokereni m'mawa, ndipo anapukutira maso kunsonga kwake.

A Mawaya anati laputopu itsale. Zithunzi za madiresi azipulumutsa, zina zonse afufuta n'kuyambiranso pachiyambi, chifukwa mlendo wotere sumukhulupirira kuti watulukadi. Anang'amba pepala m'kope, nawapatsa cholembera.

"Lembani paliponse pamene munalowapo ndi laputopu imeneyi. Tsamba la shopu, imelo yanu, ku banki, konse. Zonse tisintha lero, pa kompyuta yangayi. Ndipo makasitomala muwauze kuti uthenga uja si wanu."

"Mkazi wa ogulitsa nyama ndikamuuza yekha, pofika madzulo msewu wonse wamva," anatero amake Nesi, akulemba.

Anabwerera kushopu dzuwa litapendeka. Nesi anafuna kuyambiranso masiketi, amake anamuletsa.

"Ima apo. Tambasula manja."

Anamuyeza mapewa, chifuwa, chiuno, kutalika mpaka m'mawondo, akulemba manambala kuseri kwa kalendala. Kenaka anayala nyuzipepala yakale pa tebulo, natenga choko ndi sizasi.

"Yunifolomu akatipatsa kukoleji komweko, amayi."

"Imodzi. Ukaichapa uzikavala chiyani?"

Nesi anawayang'ana akujambula mzere wa phewa pa nyuzipepalapo, osafufuta ngakhale kamodzi.

"Patani imeneyo ndi yaulere?"

"Gwira uku, pepala likuthawa," anatero amake, n'kuyamba kudula.