Apongozi Amene Sankafunsidwa

Mayi wina, telala, anafika potopa ndi apongozi ake aakazi. Chiwapezereni ndi matenda a Parkinson, aja onjenjemeretsa manja, gogoyo ankangolawa chakudya n'kukankha mbale. Ngakhale moni ankayankha ngati wowakakamiza.

"Amayi anu amadana nane," anauza mwamuna wake. "Apite kwa achemwali anu, apo ayi ndichoka ndine."

Tsiku la kuchipatala bamboyo anatanganidwa kuntchito, ndiye telala anawaperekeza, tsinya lili pamphumi. Namwino anatulutsa pepala la mafunso.

"Limenelo amalemba mwana wanga," anatero gogo. "Sachedwa nalo."

"Amakufunsani?" anafunsa namwino.

"Iyayi. Mwana wamwamuna angafunse mayi ake zakuchimbudzi?"

Namwino anaona mapepala akale. Paliponse panali "ayi" yekhayekha. Anakoka mpando, ndipo gogo atalola kuti mpongozi wawo atsale, anayamba kufunsa.

"Fungo la chakudya mumalimva?"

"Ndinasiya kalekale. Chilichonse chimakhala ngati ndikutafuna thonje."

Telala anayang'ana apongozi akewo. Masiku onsewa ankayesa kuti akunyozedwa kaphikidwe.

"Nanga kudzimbidwa?"

"Sabata imatha. N'chifukwa chake ndimaopa kudya."

"Mumakhala okhumudwa?"

Gogo anazolika. "Ndimakalirira kubafa, mpopi uli chotsegula, kuti mwanayu asamve. Ndamuvutitsa kale mokwanira."

Telala anagwira pakamwa.

"Mayo ine! Amayi, bwanji osanena?"

"Anandifunsa ndani, mwanawe?"

"Matendawa si kunjenjemera kokha," anatero namwino. "Amasokonezanso fungo, m'mimba, tulo ndi maganizo. Zimenezi sizioneka ndi maso, adokotala amazidziwira papepalali. Ngati dzanja likuvuta, wina alembe, koma mayankho achoke pakamwa pa wodwala."

Tsiku lomwelo adokotala anapereka mankhwala a m'mimba, n'kuyamba kuwathandiza pa kukhumudwa kuja. Fungo anati mwina silibwerera. Bambo uja atamva madzulo, manyazi anamugwira.

Pakutha pa mwezi gogo anali akudya bwino, ndipo ankakhala pafupi ndi makina osokera, kumaseka makasitomala ofuna malaya othina. Nkhani yosamuka inathera pomwepo.

Abale, mutu umodzi susenza denga, koma kuthandiza wodwala si kumuyankhira. Pepala la mafunso likabwera, muwerengereni funso lililonse, ngakhale lochititsa manyazi, ndipo dikirani ayankhe yekha.