Chikhomo cha Nambala 17

Chaka chimene ndinalemba mayeso a JC n'kubwerera kwathu ku Zalewa, m'mutu mwanga munali zinthu ziwiri zokha: Edina, ndi nyumba yoti ndimuikemo Edinayo. Nyumbayo ndinali nditaijambula kale kuchikuto cha kope langa la jogalafe. Mawindo awiri, khonde loyang'ana kumapiri, ndi maluwa amene dzina lake sindinkalidziwa.

Amalume ake a Edina, a Laimoni, sanazungulire. "Mnyamata iwe, m'kope simugona munthu. Mvula yoyamba ikagwa iwe ulibe denga, Edina akupita ku Blantyre kukalera ana a azakhali ake."

Kwathu kuno mwamuna amakamanga kumudzi kwa mkazi. Koma ine, munthu wa JC, ndinali nditalengeza pamsika ponse kuti zachikamwini n'zachikale. Ndinkafuna poloti yangayanga, ya nambala.

Mwayi wake, chaka chomwecho boma linadula malo a kuseri kwa msika. Oyeza malo anakhoma zikhomo za mitu yofiira, chilichonse ndi nambala yake. Mzere wa kumsewu unali wa magolosale. Wachiwiri unali wa nyumba za malata, za aphunzitsi ndi azaumoyo. Wachitatu, kumalire ndi minda, unali wathu anthu wamba: zidina ndi udzu n'zololedwa, bola ukumbe chimbudzi.

Tsiku la komiti ndinameta tsitsi bwinobwino, ndinasita malaya a bambo anga, khadi la chipani n'kuliika m'thumba la pachifuwa kuti lizisuzumira.

"Uli pabanja?" anafunsa wapampando.

"Ndatsala pang'ono, bwana."

Komiti yonse inafa ndi phwete, koma dzina langa analemba: Gerishon, poloti 17. Lamulo linali limodzi. Mwezi ukatha poloti ilibe maziko, amapatsa wotsatira pamndandanda. Kalaliki anawonjezera kuti ndidikire Lachisanu, a Herbert oyeza malo adzandiloze malire.

Lachisanu! Tsikulo linali Lolemba. Ine ndikhale masiku anayi manja ali m'thumba? Ndinatuluka m'kalasi imene tinakumaniramo n'kuliyatsa liwiro. Ndinapeza 14, ndinapeza 15, kenako udzu wokhawokha. Nditadumpha kanjira ka kumadzi, ndinangoona mutu wofiira pansi pa mtengo wa masau. 17! Pachikhomopo anamangirirapo mbuzi.

"Pepani amayi," ndinaiuza mbuziyo ndikuimasula, "malo ano apeza mwini."

Ndinadzutsa mutu. Tsidya la munda wa nandolo, pafupi pomwepo, inali nyumba ya a Mailesi, amayi ake a Edina. Ndinati boma ili limandidziwa ndithu.

M'mawa mwake ndinayamba kukumba. Dzuwa litafika pamutu, Edina anabwera ndi chipanda cha thobwa.

"Kodi Gerishon, ukukumba chiyani?"

"Waimapopo ndi kuchipinda kwako. Samala, ungaponde bedi."

Anayang'ana chikhomo, anayang'ana mbuzi imene inkadya chapatali, kenako anatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje, mapewa akugwedera. Ine ndinati ndi chimwemwe.

"Kumba ndithu," anatero.

Madzulo ake a Mailesi anafika okha. Ndinagwada poopa kuti andinena kuti ndawayandikira kwambiri. Iwo anazungulira mazikowo, manja kumbuyo.

"Khomo liyang'ane kwathu kuno, bambo. Uko kumachokera mphepo."

Anandibwereka chikombole choumbira zidina ndi mgolo wa madzi. Apongozi otere mungawapeze kuti?

Lachisanu a Herbert sanabwere. Lachisanu linalo sanabwerenso. Ankati njinga yawo yamoto yafera ku Mwanza. Ine ndinalibe nazo ntchito. Ndinkaumba, kuyanika, kumanga, ndikuimba nyimbo zopeka ndekha zimene mawu ake onse anali Edina. Pofika sabata lachisanu makoma anali atapitirira mawindo, mitengo ya denga ili mulu pakhonde, mitambo nayo itayamba kuda kumapiri.

Ndiye tsiku lina njinga yamoto inalira. A Herbert anatsika ndi mapu opinda ndi tepi yoyezera. Anayang'ana nyumba, anayang'ana mapu, anatembenuza mapuwo, anayang'ananso nyumba.

"Achimwene, nyumba iyi ndi yandani?"

"Yanga, bwana. Poloti 17." Ndinaloza chikhomo ngati ndikuloza mwana wanga woyamba.

"Poloti 17 ili uko, kuseri kwa chulu icho. Kuno si kwa boma. Chikhomo ichi wachibweretsa kuno ndani?"

A Mailesi anali atafika kale, anthu ena ali pambuyo pawo. "Ndine, bambo. Mbuzi yangayi imazula chikhomo chilichonse. Koma ichi cha boma, iii, n'cholimba bwanji!"

"Mayi, kuzula chikhomo cha boma ndi mlandu, mukudziwa?"

"Ine sindinachitaye ayi. Onani mmene ndachisungira. Ndi penti yomwe sinachoke."

A Herbert anayesa kukwiya, koma masaya anawakanika. Anatembenukira kwa ine n'kundiuza mofatsa kuti mwezi unatha, poloti yeniyeniyo ilibe ngakhale dzenje limodzi, ndiye ipita kwa wotsatira.

Ndinakhala pamulu wa zidina. Poloti yapita, nyumba ili pamalo a eni, mvula ili pamphuno. M'maso mwanga ndinkaona kale basi ya ku Blantyre ikunyamuka, Edina ali pawindo.

Pamenepo a Laimoni anatulukira m'nandolo muja, osafulumira n'komwe. Anagogoda khoma ndi ndodo yawo. Analowa, anatuluka, anasuzumira pawindo.

"Malo ano ndi a mlongo wanga," anatero mokweza kuti onse amve. "Kodi mnyamata wa JC uja, ankati chikamwini n'chachikale uja, alipo pano? Chifukwa ine mkamwini wothamanga chonchi sindinamuonepo. Ena timachita kuwakoka, uyu wabwera yekha ndi khasu lake!"

Anthu anaseka mpaka mbuzi inathawa.

"Ndiye amalume..." ndinayamba motero.

"Ndinati denga. Za nambala ndinatchulapo ine? Udzu uli pakhomo panga, ukatenge."

Ndinadzuka ngati wolumidwa ndi linthumbu. Ndinagwira a Laimoni chanza, a Herbert chanza, ndinatsala pang'ono kugwira chanza njinga yamoto. Kenako ndinamupeza Edina kuseri kwa mtengo wa masau uja.

"Iwe, unkadziwa eti?"

"Mbuziyo amakaimangirira ndani m'mawa uliwonse?"

"Ndiye osandiuza?"

"Amayi anati ndidikire ufike pamawindo. Utafika pamawindo anati ndidikire mitengo ya denga."

A Herbert anazula chikhomo chawo n'kuchimangirira pakaliyala. Ife tinafolera masiku atatu, ine pamwamba, Edina akuponya mitolo, a Mailesi akulamula ali pamphasa. Madontho oyamba anandipeza ndikumanga mtolo womaliza, ndipo sindinatsike msanga. Ndinaimirira padenga pomwepo, ndikunyowa, ndikukuwa dzina lake mpaka agalu a kumsika anayankha.

Pachitseko ndinalembapobe 17, ndi makala.